Tambala wa Agogo ndi Mabiliyoni 86

Agogo anali atapondereza kale mapiko a tambala, mpeni uli m'manja, pamene mdzukulu wawo wa ku koleji ku Zomba anatulukira pakhonde.

"Musamumvere chisoni ameneyo, agogo. Kaubongo kake n'kochepetsetsa, samva ululu weniweni. Ife anthu tili ndi maselo a muubongo okwana mabiliyoni 86."

"Unawerenga ndiwe, amunanga?"

"Anawerenga ndi mayi wina wa ku Brazil, Suzana Herculano-Houzel. Ankasungunula ubongo kukhala ngati phala, n'kumawerenga."

"Nanga njovu ili ndi angati?"

"Mabiliyoni 257."

"Kukuposa katatu! Ndiye fizi ija bwenzi tikulipirira njovu."

Mnyamata anatuluka thukuta. Anafotokoza kuti pafupifupi maselo onsewo ali kumbuyo kwa ubongo wa njovu, mbali yoyendetsa thupi, osati yoganizira. Apa ananena zoona, koma sanazindikire kuti wadzigwetsa yekha: ngati nkhani yagona pa kumene maselowo ali, nambala yake ija yatha ntchito.

Agogo anamuuza za thadzi lawo lina lomwe linathyoka mwendo n'kusiya kusakanikirana ndi zinzake, kumangoti ndwii pansi pa nkhokwe. Mdzukulu, pofuna kuonetsa kuti sukulu anapitadi, anawapatsanso chida china chomukwapulira. Anati m'chaka cha 2000 akatswiri a ku Bristol anaikira nkhuku zakudya ziwiri, china chothira mankhwala opha ululu. Zotsimphina zinkadya kwambiri chamankhwalacho kuposa zinzake zabwinobwino. Mu 2003 Lynne Sneddon anabaya nsomba asidi wa viniga m'milomo, ndipo zinayamba kukhula milomoyo pamiyala, n'kuzengereza kudya. Ku Britain, lamulo la 2022 linafika poika ngakhale nkhanu m'gulu la zamoyo zomva ululu.

"Ndiye nkhuku yosamva kupweteka imafuniranji panado?"

"Sanali panado, agogo, anali..."

"Ndigwirire miyendoyi."

Mnyamata anagwira, nkhope atayang'ana kumbali. Agogo ananolanso mpeni pamwala, monga amachitira nthawi zonse kuti tambala asazunzike, ndipo ntchito inatha m'kuphethira kwa diso.

Madzulo mdzukulu anadikirira nthutumba, poti iye ndiye anali mlendo. Agogo anadya okha nthutumbayo, iye n'kumuikira mutu wa tambala m'mbale.

"Nawu. Uwerenge wekha, undiuze mawa."