Mkamwini Wagula Msewu ku Joni

Okondedwa Alamu,

Ndisanafunse za moyo wanu ndi wa mbumba yonse, ndiloleni nditule uthenga umene ukunditentha pakamwa: ine mkamwini wanu, amene mudandibwereka kamunda kamiyala kuseri kwa dambo ndi kundichenjeza kuti ndisadzalemo ngakhale mtengo umodzi wa mango, usiku wa Loweruka ndidagula msewu wathunthu pakati pa Joni, ndi kumangapo nyumba zinayi, ndi kuzigwetsa, ndi kuimika hotela pamalo pake, zonsezi nsima ya madzulo isanazizire.

Nkhani yake ili motere. Adona a kumene ndisamalira maluwa adandipatsa bokosi lakale kuti ndikataye, ndipo ine, pokhala mwana wa munthu wosataya kanthu asanasuzumiremo, ndidapita nalo kuchipinda kumene tigona anthu anayi. M'katimo mudali chikatoni chopinda pakati cholembedwa maina a misewu, ndalama zoseweretsa, madayisi awiri, tinyumba tobiriwira ndi timahotela tofiira. Mnzathu wa ku Zimbabwe, amene kwawo adali mphunzitsi koma kuno alondera pageti, adatiuza kuti masewerawa ndi Monopoly. Kuti kampani ya Parker Brothers idayamba kuwagulitsa ku America mu 1935 ndi misewu ya mzinda wa Atlantic City. Kuti Angerezi, posafuna kugula misewu ya eni, adalembamo yawo ya ku London, wodula koposa nukhala Mayfair. Ndi kuti a kuno nawo, randi itangobadwa mu 1961, sadachedwe kukonza chawochawo, cholembedwa m'Chingerezi ndi m'Chibunu, chokhala ndi misewu ya Durban, Bloemfontein, Cape Town ndi Joni, mfumu ya yonseyo ndiye Eloff Street. Adaonjeza kuti mayi wina, Elizabeth Magie, ndiye adayambitsa maganizowa mu 1904 pofuna kuonetsa kuipa kwa eni malo odyera anzawo masuku pamutu. Koma phunziro limenelo, alamu, lidandilowa khutu ili ndi kutulukira linalo.

Tizizindikiro toyendera tidatayika kalekale, chotero ine ndidayenda ndi chitsekerero cha Fanta. Taonani, maere adandigwera pokoma: chitsekerero changa chidatera pa Eloff Street, ndidawerenga R400, ndipo popanda nyakwawa, popanda nkhoswe, popanda tambala wopita naye kwa amfumu, dziko lidakhala langa. Kuyambira pamenepo yense wopondapo adapereka mtulo. Mnzathu wina, Mtonga wa ku Nkhata Bay, amene savula tayi ngakhale posenda anyezi, adagwera pa hotela yanga, ndipo pamene ndidamutchulira R2,000 adatuluka thukuta ngati wakumana ndi gule pamphambano, nagulitsa masiteshoni ake a sitima, napempha chifundo m'zilankhulo zitatu. Ndidamuyankha monga muyankhira inu ndikapempha ngolo: kuti nkhaniyi tidzaiona mawa. Indetu ufumu ukoma, ndipo tsopano ndamvetsa chifukwa chake mumatsokomola kawiri musanalankhule pabwalo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndidavala jekete ndi kupita kukayendera dziko langa, pakuti mfumu yosadziwa malire ake ilandidwa munda. Msewuwo uyambira pa Park Station, pomwe basi ya kwathu idanditula. Ndidapeza mateksi akuimba mahutala, utsi wa tchipisi, achinyamata ogulitsa zingwe za foni, ndi khamu losadziwa kuti mwini dziko wafika. Palibe adagwada, palibe adaomba m'manja, ndipo mayi wina wogulitsa masokosi adandikalipira kuti ndikutchinga malonda ake. Mphunzitsi uja adathira mchere pachilonda pondiuza kuti pa chikatoni chatsopano cha 2002 Eloff Street adamufufuta, ufumu udapita ku Clifton kugombe la Cape Town, masiteshoni a sitima adasanduka mabwalo a ndege, ndipo ngakhale Soweto ndi Hillbrow adalowamo. Kunena kwina, adandichotsa pampando ndisanalongedwe ufumu.

Adandiuzanso kuti kumunsi kwa msewu womwewo, ku Eloff Street Extension, ndiko kudali komponi ya Wenela yotchedwa Mzilikazi, kumene anthu a kwathu ankafikira asanawagawe kumigodi. Malemu bambo anga ankatchula dzina limenelo akamatsokomola usiku, ine ndikuyesa ndi dzina la mfumu chabe. Ndidaima pamenepo nthawi yaitali jekete ili pamkono. M'masiku amene ana a Azungu ankagula msewuwo ndi ndalama zoseweretsa, bambo anga ankauyenda ndi chiphaso m'thumba, ndipo lamulo silikadawalola kugula ngakhale poika phazi.

Pangodya ina ya chikatonicho pali ndende, ndipo wogweramo atuluka akalipira R50 kapena madayisi akafanana. Tidaseka kwambiri Mtonga atagweramo katatu, koma usiku umenewo sindidagone, pakuti masiku a m'pasipoti yanga adatha mwezi wathawu, ndipo galimoto ya apolisi ikaima pafupi mawondo anga alobodoka. Pa chikatoni munthu akazungulira alandira R200. Ine ndazungulira mwezi wathunthu, ndipo nditalipira lendi ya chipinda, teksi ndi ufa, chotsala ndi R800 imene ndatumiza dzulo. Mlongo wanu wandiuza kuti denga likudontha pamene pagona ana, ndi kuti feteleza wa chaka chino sadamuone. Ndikupemphani, inu mwini mbumba, muyambe ndi feteleza. Dengalo muphimbe ndi pepala la pulasitiki kufikira ndidzatumize zina. Za pasipotizi musawauze apongozi, mtima wawo suli bwino.

Ndipo mukakhala pansi ndi amalume anu, muwafunse mofatsa ngati angalole kuti mlongo wanu adzale mango awiri kumalire a kamunda kaja mvula ikayamba. Mbande ndidzalipira ine.

Ine mlamu wanu,
Mfumu ya Eloff Street, yopuma