Zimene foni yadya m'nyumba mwathu ku Chawama

Anzanga osunga mabanja, ine ndili ndi kabuku kolembamo ndalama iliyonse yotuluka m'nyumba, kuyambira lendi mpaka machesi. Mu June 2024 ndinatsegulamo tsamba la foni. Ndinasiya malo a mizere iwiri. Lero afika masamba anayi, ndipo ndikuwerengerani kuti amene simunagule mudziwiretu.

Kafoni kathu kamabatani kanali bwinobwino. Koma uthenga wa kusukulu ya ana unasamukira pa gulu la WhatsApp, ndipo mwana wathu woyamba, wokwatiwa ku Chipata, anali ndi khanda limene tinali tisanalione. Amake ana analowa chilimba cha anthu asanu, makwacha mazana atatu pa mwezi. Mwezi wawo utakwana analandira chikwi chimodzi ndi mazana asanu, ndipo yonseyo inatsala m'shopu m'tauni. Basi ya anthu awiri kupita ndi kubwera, makumi asanu ndi limodzi. Kava, makumi asanu. Galasi loteteza sikirini, makumi anayi. Titafika kunyumba tinapeza kuti simu yathu yakale ndi yaikulu, sikulowa. Simu yaing'ono ya nambala yomweyo, makumi awiri, ndipo saipereka popanda chitupa cha NRC, choncho m'mawa ndinakweranso basi, makumi atatu. Foni isanalire n'kamodzi komwe, tinali pa chikwi chimodzi ndi mazana asanu ndi awiri.

Tsiku loyamba ndinaikamo tokotaimu ya makumi asanu, yomwe m'kafoni kamabatani inkatifikitsa milungu iwiri. Inatha madzi a nsima asanawire, chonsecho palibe amene tinamuimbira. Ndinaikamo ina ya makumi asanu, inatsatira inzake. Mnyamata wa nyumba yoyandikana ndiye anatiuza kuti intaneti ikakhala yotsegula popanda bando, foni imadya tokotaimu, ndiponso mapulogalamu ake amadzikonza okha mwini asakudziwa. Anationetsa *117#, tinagula bando ya mwezi, zana limodzi. Masiku makumi atatu aja anathera pa tsiku lachisanu ndi chinayi, chifukwa gulu la kutchalitchi, la kusukulu ndi la achibale ankatumiza mavidiyo, foni n'kumatsitsa onse yokha. Bando ina, zana limodzi. Mnyamata uja anatseka kotsitsira mavidiyo m'mphindi imodzi, malipiro ake anali mbale ya nsima ndi kapenta, ndipo sindinailembe. Tinafika pa zikwi ziwiri.

Chaka chimenecho mvula inakana. Boma linalengeza chilala pa 29 February 2024, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika September malaiti ankabwera maola atatu pa tsiku, kawirikawiri anthu tili mtulo. Kafoni kamabatani kankatha masiku anayi osatchaja. Iyi imafuna tsiku lililonse. Ometa tsitsi pamsika ali ndi jenereta, kutchaja ndi makwacha asanu. Masiku makumi awiri pa mwezi, miyezi itatu, mazana atatu. Usiku wina tinasiya tchaja pakhoma kudikira malaiti, anabwera ndi mphamvu, tchaja inapsa. Ina, makumi asanu. Ndinagula pawabanki ya zana limodzi ndi makumi asanu kuti tisiye kulipira ometa. Pawabanki nayo imatchajidwa kwa ometa omwewo, makwacha asanu. Zikwi ziwiri ndi mazana asanu.

Mu October mwana wathu wotsiriza anaika loko yojambula ndi chala, n'kugona, n'kudzuka ataiwala. Tinayesa tonse motsatana, foni n'kumatiuza kuti tidikire. Amake ana anatseka thebulo lawo la tomato, n'kupita nayo kwa okonza mafoni ku Katondo Street. Kufufuta zonse, zana limodzi ndi makumi asanu. Itayaka inafuna adiresi ya Google ndi mawu ake achinsinsi. Adiresiyo anatitsegulira ndi wogulitsa tsiku logula lija, mofulumira, makasitomala ena akudikira, ndipo palibe anailemba papepala. Kudutsa pamenepo, zana lina ndi makumi asanu. Basi, makumi atatu. Phindu la tomato la tsikulo, makumi asanu ndi awiri. Zithunzi zonse za mdzukulu zinapita, ndipo pamzere umenewo sindinapeze nambala yolemba. Patapita milungu itatu foni inayamba kukana zithunzi, akuti malo adzaza. Memori khadi, zana limodzi. Pambuyo pake ndinamva kuti kufufuta mavidiyo akale kukanakwanira. Zikwi zitatu, mtengo wa foni kawiri.

Mzere wotsatira ndi umene ndinaulemba dzanja likunjenjemera. Pofufuta paja, manambala onse a anthu anapita, chifukwa tinali titawasunga m'foni, osati pa simu. Ya eni nyumba inapita limodzi. Iwo amakhala ku Matero, ndipo lendi timatumiza pafoni. Kumapeto kwa November, tsiku lenileni lolipira, kunabwera uthenga woti ndalama ija titumize pa nambala iyi, dzina lituluka lakuti. Amake ana anali ndi mazana asanu ndi atatu a lendi m'foni. Ine ndinali mtulo, nditachoka kolondera usiku. Sanafune kundidzutsa. Anatumiza. Madzulo eni nyumba anabwera okha pakhomo kudzafunsa lendi, ndipo amake ana anawaonetsa uthenga uja akumwetulira. Aja anauwerenga kawiri n'kunena kuti, "Amayi, nambala iyi si yanga." Tinaimba, inali yotseka. Tinaipereka ku bungwe loyang'anira za mafoni la ZICTA kudzera pa *707#, kuti wina asagwemo. Lendi inkafunikabe. Ndinatenga kaloba mazana asanu ndi atatu, kubweza chikwi chimodzi ndi mazana awiri. Ndinalemba mazana asanu ndi atatu a wakuba, mazana anayi a mwini kaloba. Mwezi wa December tinagula ufa wa pamela, ndiwo zinali chibwabwa. Zikwi zinayi ndi mazana awiri.

Mu January mvula inabwera, njira ya kumsika inasanduka dambo, anthu n'kumadumpha pamiyala. Foni inali pachitenje. Sikirini yatsopano pamodzi ndi basi, mazana asanu ndi limodzi. Galasi la makumi anayi lija silinasweke, inasweka ndi sikirini ya pansi pake. Onjezani bando ya zana limodzi pa mwezi kwa miyezi khumi ndi umodzi yotsalayo, chikwi chimodzi ndi zana. Onjezani zana lina la kwa ometa. Chaka chitatha, foni ya chikwi chimodzi ndi mazana asanu inali itadya zikwi zisanu ndi chimodzi.

Ndinagawa ndalamayo ndi thumba la ufa la makwacha mazana atatu, anatuluka matumba makumi awiri. Nyumba yathu imadya awiri pa mwezi, ndiye kuti nsima ya miyezi khumi. Malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba mu 2024 anali K1,300 pa mwezi, ndiye kuti mlongo wanga amene amachapa ndi kusesa ku Kabulonga angagwire miyezi inayi ndi theka osafikabe pamenepo.

Kenako ndinatenga pensulo n'kuika chizindikiro pa mizere imene tinalipira chifukwa chosadziwa basi: tokotaimu, bando yachiwiri, loko, memori khadi ndi lendi ija. Inakwana chikwi chimodzi ndi mazana asanu ndi anayi, kuposa foni yomwe ndi mazana anayi. Zonsezo zikanapewedwa ndi munthu mmodzi wokhala nafe pansi ola limodzi tsiku logula. Choncho inu mukagula, musatuluke m'shopu adiresi ya Google ndi mawu achinsinsi musanalembe m'kabuku. Gulani bando musanatsegule intaneti. Manambala a eni nyumba, a kusukulu ndi a achibale alembeninso papepala. Uthenga wofuna ndalama ukabwera, imbani kaye kwa mwini wake, ngakhale kutero kutanthauze kudzutsa munthu amene walondera usiku wonse.

Mbali ya zolowa nayo ilipo, ndipo ndailemba moona. Kale amake ana ankapita ku Chipata kawiri pa chaka. Chaka chino apita kamodzi, chifukwa Lamlungu lililonse madzulo amamuona mdzukulu pavidiyo, ndipo tsiku limene anayamba kuima yekha tinamuona tonse asanu titaunjikana pa sikirini imodzi. Ulendo wosapitawo ndi mazana asanu ndi awiri. Asanapite kumsika wa Soweto amafunsa kaye mtengo wa bokosi la tomato, ndipo kanayi abwezapo ulendo, zana limodzi ndi makumi awiri. Zolowa zonse, mazana asanu ndi atatu ndi makumi awiri.

Dzulo batire yayamba kutupa, chivundikiro chakumbuyo chikukweza. Wokonza wati mazana awiri ndi makumi asanu. Basi, makumi atatu. Ndatsegula tsamba lachisanu.