Maso a Nkhono pa Kanema wa Loweruka

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene adatibisira n'chakuti masowo ukawaona, palibe choti ukasimbe kumudzi. Ndi timadontho tiwiri takuda kunsonga kwa nyanga, basi. Wanyonyomala pachinyontho kuyambira m'mawa, nyerere zakuluma, nsima yakuzizirira, ndiye malipiro ako ndi timadontho tiwiri tomwe ukangotsokomola tibwerera m'chigoba. Ndimakayika ngati mkulu amene adayambitsa mwambiwu adapitanso kukadikirira nkhono yachiwiri. Koma ife amene tidakula ndi Television Malawi (TVM) tinkabwererako Loweruka lililonse, titasamba ndi kudzola.

Kudekhako kudayamba kanemayo asanabwere n'komwe. Anzathu a ku Zimbabwe adayamba kuonera mu 1960, dziko lawo likadali Southern Rhodesia, ndipo a ku Zambia adatsatira mu 1961. Ife titalandira ufulu mu 1964 tidapatsidwa wayilesi ya MBC, Ngwazi, mtsogoleri wa nthawiyo, n'kuona kuti makutu atikwanira. Zaka 35 zidadutsa tikumvera. Kenaka boma la a Bakili Muluzi lidatsegula TVM pa 1 Epulo 1999, tsiku lomwe anthu amanamizana, moti amene adakana kukhulupirira simungawadzudzule. Linali Lachinayi, mawa lake Lachisanu Loyera, ndipo chisankho chinali kubwera mu Juni chaka chomwecho. Zoti tsikuli lidangogundana mwangozi ndi nyengo ya kampeni, aliyense aganize yekha.

M'makomo ambiri kanema ankakhala m'kabati ya magalasi, pamodzi ndi mbale zodyera alendo, atafunditsidwa kansalu koluka. Nyumba yomwe inali naye inkasanduka likulu la mzere wonse. Loweruka ana a pamenepo ankakhala ndi abwenzi ochuluka modabwitsa, ena oti adamenyana nawo Lachitatu lomwelo. Mayi a panyumbapo ankaima pakhomo kuyendera mapazi.

"Iwe, mapazi amenewo ulowa nawo m'nyumba mwanga? Kasambe kaye. Ndipo amako akudziwa kuti uli kuno?"

Akuluakulu pa sofa, ana a m'nyumba pa mkeka kutsogolo, ana a aneba pa simenti kumbuyo, ndipo amene adalephera mayeso a mapazi ankapanikizana pawindo kunja. Palibe chomwe chidalimbikitsa ukhondo m'matauni athu kuposa kabokosi kameneka, ndipo ndimaona kuti a zaumoyo sadakathokoze mokwanira.

Onse atakhala pansi, pamabwera ntchito ya eriyo. Ankaimangirira kunsonga kwa nsungwi yaitali, nsungwiyo n'kuikoleka kumtengo wa mango kapena pakhoma, ndipo imeneyi ndiyo inali nyanga ya nkhono yeniyeni: kungoikhudza pang'ono, maso onse abwerera m'kati. Khwangwala akaterapo, wowerenga nkhani ankasanduka anthu atatu. Kamphepo kakawomba, onse atatuwo ankasowa, n'kutsala timadontho takuda ndi toyera tikuthwanima ndi phokoso la mvula ya pamalata. Choncho banja lililonse linali ndi mnyamata amene udindo wake unali kuima panja n'kumapotoza nsungwi, a m'nyumba akukuwa.

"Potoza! Potozabe! Eee, wapitirira, bwerera pang'ono! Basi, pomwepo, usasunthe!"

"Ndisiye?"

"Ukasiya zichoka. Gwira choncho, tizikuuza zomwe zikuchitika."

Mnyamata ameneyo lero ndi bambo wa ana, ndipo mapulogalamu onse a TVM amawadziwa ndi makutu okha, monga momwe Ngwazi idafunira.

Kumene kunalibe magetsi nkhani inali ya batire ya galimoto, yomwe ankaikweza panjinga Lachisanu kukaitchajitsa. Ikamatha mphamvu, chithunzi chinkayamba kufota m'mbali zonse, munthu wa pakanema n'kumachepa pang'onopang'ono akulankhulabe molimba mtima, mpaka kuzimirira. Kumene magetsi analiko, nawonso ankadziwa nthawi yabwino yothima. Ankadikira kuti mkazi wa mu sewero atsegule chitseko cha kuchipinda. Pamenepo umamva "Aaaaa!" kuchokera m'nyumba zonse nthawi imodzi, kenaka zii. Palibe amene ankanyamuka. Tinkakhala mumdima momwemo, tikuyang'anabe komwe kunali kanema, mpaka ana a kutsidya atakuwa kuti "Ayakaaa!" Pofika apo sewero latha, pali bambo wovala tayi akufotokoza za kasungidwe ka chimanga. Tinkamuoneranso bamboyo mpaka amalize.

Ndandanda ya mapulogalamu inkatuluka m'nyuzipepala, koma anali maganizo chabe. Mtsogoleri wa dziko akakhala ndi msonkhano kwinakwake Loweruka masana, ndandanda inkapita kukagona. Apa ndipo pomwe mwambi uja unkayesedwa pamoto. Kamera inkafika msanga kuposa Bwana, ndiye inkationetsa zomwe yapeza: mpando wopanda munthu, maluwa a patebulo, msewu womwe Bwana adzere, wapolisi akuyasamula, kenaka mpando uja kachiwiri. Muulutsi ankatitsimikizira kuti nthawi ina iliyonse mdipiti wa galimoto utulukira. Ukatulukira, amayi avine kaye. Alankhule gavanala wa chipani, aitane mfumu, mfumu ikatha aitanenso phungu wa deralo, phungu aitane nduna, ndipo aliyense ayambe wanena kuti iye alibe mawu ambiri. Mwana amene adakhala pa mkeka kudikirira makatuni ankadzuka dzuwa litalowa, akudziwa mayina a milatho yonse yomwe idalonjezedwa m'boma limenelo. Madzulo nkhani zikayamba, mutu woyamba unali msonkhano womwe uja. Lamulungu ankaubwereza, kuchitira amene adali kumaliro.

Mu 2005, a Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, nsalu za amayi ovina zidasintha kuchoka pa chikasu kupita pa buluu. Amene anali ndi kanema wosaonetsa mitundu sadazindikire kuti pachitika kanthu.

Nanga maso a nkhonowo anali kuti? Analipo, tisaname. Mtundu womwe udakhala zaka zoposa makumi atatu ukumva mawu okha udayamba kuona nkhope. Oimba monga Lucius Banda, Billy Kaunda, Mlaka Maliro ndi Ethel Kamwendo Banda ambiri tinkawadziwira pa wayilesi ndi pa kachithunzi ka pakaseti. Tsopano adayamba kuyenda, kuvina ndi kuloza kumwamba m'chipinda chathu chochezera. Pulogalamu ya Music Splash ya a Geoffrey Kapusa idachita kuwapatsa dzina mwini wakeyo, anthu n'kumangowatchula Mr Splash. Ndipo mavidiyo a nthawi imeneyo anali ndi malamulo ake, ngakhale sadalembedwe paliponse. Woimba aime pa kapinga wa hotela. Alowe m'nyanja mpaka m'mawondo suti ili m'thupi. Atsamire galimoto yonyezimira yomwe mwini wake walowa kaye m'banki. Ikakhala nyimbo yauzimu, kumbuyo kwake kugwe mathithi omwe m'Malawi muno simudawaonepo, ndipo woimbayo aonekere kawiri pa chithunzi chimodzi, wina akuimba, wina akumuyang'ana mwachisoni. Tinkaseka, koma mawa lake kusukulu aliyense anali atagwira kale masitepe ake.

Kuona nkhope kudabweretsanso zokhumudwitsa zake. Munthu wa mawu aakulu, amene kwa zaka zambiri unkaganiza kuti ndi chimphona, ankapezeka kuti ndi kamunthu kochepa thupi kovala jekete la mkulu wake. Oulutsa mpira ndiwo adavulala kwambiri. Masewero a Bullets ndi Wanderers akaonetsedwa, abambo ankatsitsa mawu a kanema n'kutsegula wayilesi, poti ndiyo adaizolowera. Ndiye wayilesi ikukuwa kuti zinthu zavuta pagolo, otchinga kumbuyo asokonezeka, chigoli chikununkhira, pomwe kanema akuonetsa mpira uli kunja, mnyamata wotola akuufunafuna kuseri kwa chikwangwani. Abambo sankakhulupirira msanga maso awo. Ankati kamera ndiyo yachedwa.

Lamulungu linali la makwaya a yunifolomu ndi alaliki. Banja lochokera kutchalitchi linkapeza ulaliki wachiwiri ukulidikirira pakhomo, wachitatu ukuvula nsapato. Agogo ankamanga duku bwinobwino asanakhale pansi, ndipo muulutsi akapereka moni ankayankha, n'kutidzudzula ife kuti ndife ana osaleredwa.

Panalinso Tikuferanji, sewero lomwe bungwe la ADRA linkaphunzitsira anthu za Edzi ndi makhalidwe ena, pomwe Manganya ankatiseketsa tikudzudzulidwa. Apa pokha ndivomere kuti akuluakulu aja adalasa. Amene adadekha osazimitsa kanema kwa zaka makumi awiri adaona a Michael Usi, Manganya yemwe uja, akulumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Wolemba sewero aliyense akadabweretsa mathero otere, anzake akadamuuza kuti achepetseko bodza.

Koma chaka chomwe kudekha kwathu kudatsala pang'ono kubala zipatso zenizeni chinali 2003. Big Brother Africa yoyamba idayamba ku South Africa, Malawi ataimiridwa ndi Zein Dudha, ndipo TVM inkationetsako zidutswa. Kwa nthawi yoyamba ana a pawindo ankafika msanga kuposa a m'nyumba. Mu Ogasiti aphungu a Nyumba ya Malamulo adagwirizana kuti TVM ileke kuonetsa pulogalamuyo poti ikuwononga chikhalidwe. Chiletsocho chidagwira TVM yokha. Amene anali ndi dishi ya DStv adapitiriza kuwonongeka chikhalidwe usana ndi usiku popanda wowasokoneza, ndipo funso lomwe linkazungulira m'maminibasi linali lakuti olemekezekawo zonyansazo adazidziwa bwanji mwatsatanetsatane chotere. Khoti Lalikulu lidachotsa chiletsocho, tidabwerera pa mkeka, ndipo mphoto idapita kwa Cherise Makubale wa ku Zambia, kwa anthu omwe adatitsogolera kale ndi zaka 38.

Zitatero zinthu zidathamanga. Kudabwera mafilimu a ku Nigeria pa timadisiki, madikoda otchipa ogwira SABC, kenaka makanema ena a konkuno monga Luntha, Times ndi Zodiak. TVM idaphatikizidwa ndi MBC, nsungwi zija zidapita kukakhala zoyanikira zovala.

Lero Loweruka madzulo lowani m'nyumba yomwe ili ndi matchanelo oposa zana. Bambo agwira rimoti, akudumpha kuchoka pa mpira kupita pa nkhani, pa ulaliki, pa mkango ukuthamangitsa mbawala, osadikira n'komwe kuti aone ngati waigwira. Akazungulira onse amanena mawu omwe pa nthawi ya tchanelo imodzi sadamvekepo: "Lero kulibe choonera." Mayi ali pa WhatsApp, akumvera uthenga wa achemwali awo atauthamangitsa kawiri, moti nkhani ya matenda ikumveka ngati malonda a fodya ku okushoni. Ana ali pa TikTok, chala chikungokankha anthu m'mwamba. Munthu wakonzekera sabata yathunthu, wabwereka zovala, waphunzira gule, ndipo mwana wa sitandade 5 wamupatsa masekondi awiri n'kumutaya. Pa YouTube malonda akati dikirani masekondi asanu, mwanayo amausa moyo ngati wauzidwa kuti akalime. Mukamusimbira kuti inu munkaonera mpando wopanda munthu kwa ola lathunthu, amafunsa kuti bwanji simunkangosintha tchanelo. Mukati inalipo imodzi yokha, amakuyang'anani mwachifundo, n'kufunsa ngati nthawi imeneyo kunali kale nsapato.

Ndisakometse zakale mopitirira. Zambiri zomwe tinkadikirira zinali zosakoma, ndipo tikadapatsidwa rimoti yokhala ndi kopita, tikadathawa tonse tsiku lomwelo, agogo patsogolo. Sitinkadekha chifukwa cha nzeru, tinkadekha chifukwa chosowa kolowera. Chokoma chinali chakuti tinkadikirira pamodzi, ndipo ndemanga za pa mkeka zinkaposa pulogalamu. Lolemba m'mawa dziko lonse linali litaonera chinthu chimodzi, moti ngakhale chikhale chogwetsa ulesi, munali ndi poyambira nkhani ndi munthu aliyense pa siteji ya basi.

Ndipo maphunzirowo sadapite pachabe, adangosamukira kwina. Mafuta a galimoto akasowa, monga zidachitikira mu 2011 ndi zaka zaposachedwapa, pitani pa mzere wa pa filing'i siteshoni mukaone. Wophunzira wa TVM amadziwikiratu. Watsitsa mpando, wavula nsapato, wagula chimanga chootcha, ndipo wapalana kale ubwenzi ndi wa kutsogolo ndi wa kumbuyo. Akamva kuti thanki yanyamuka ku Beira ndipo nthawi ina iliyonse itulukira, amangogwedeza mutu, poti mawu amenewo adawamvapo. Wachinyamata wa m'galimoto yotsatira watuluka kale kangapo, wajambula mzerewo, wautumiza pa Facebook, watukwana, bandulo yatha, foni yathima. Kenaka amabwera kudzagogoda pawindo.

"Pepani bambo, mwafika nthawi yanji pano?"

"Dzulo."

"Dzulo? Ndiye mukungokhala chonchi, osachita chilichonse?"

"Ndikuonera pampu iyo. Khalani pansi achimwene, mukutchinga."