Zaulere zavuta ku Mchinji

Pa Boma la Mchinji pali kashopu kamene mnyamata wina amakonzerako makompyuta, kutayipa makalata ndi kuikira anthu nyimbo m'mafoni. Tsiku lina kudatulukira bambo wogula mtedza wa pa Kamwendo, laputopu ili m'jumbo. Ankafuna pulogalamu yolembera makalata ndi kuwerengetsera matumba. Mnyamata adati, "Ndikuikirani LibreOffice, bambo. Muli Writer ya makalata, Calc ya masamu ndi Impress ya zoonetsa pamsonkhano." Bambo adafunsa mtengo. "Ndi yaulere." Bambo adapukusa mutu, nanyamuka ngati akupita, kenako n'kucheuka ali pakhomo. "Iwe, ine geni ndinayamba usanabadwe. Nena mtengo wotsiriza." "Ulere, bambo." Adalingalira kanthawi, nkhope ili gwa. "Chabwino, ndatenga. Nanga basela?"

Mphwawo wa bambo omwewo adamva kuti mnzake wa ku Chipata ali ndi mapulogalamu amphamvu kwambiri. Adawoloka, nawadzaza mu flash, flash n'kuibisa m'sokosi. Pobwerera sadafune n'komwe kuyandikira chipata cha Mwami, pamene a Chakwera ndi a Hichilema adatsegula maofesi atsopano a pamalire mu December 2022 kuti zonse zizithera pamalo amodzi. Iye adalowera njira yachidule usiku, m'minda ya eni, minga ikumubaya, agalu akumuthamangitsa, mpaka kugwera m'ngalande. M'mawa adafika pashopu paja akutsimphina. "Aise, tseka chitseko. Katundu wotentha uyu." Mnyamata adalowetsa flash, n'kupezamo VLC, Firefox ndi LibreOffice. "Achimwene, izi aliyense amatsitsa pa intaneti mwaulere. Nkuno, ku Zambia, kulikonse." Mkulu uja adayang'ana mapazi ake otupa. "Ndiye usiku wonsewu ndimathawa ndani?"

Tikadali pa VLC pomwepo. Imeneyi adaiyamba ndi ophunzira a ku Paris, ndipo imasewera pafupifupi kanema aliyense amene mungaiponyere, ngakhale waukwati wojambulidwa ndi foni yakale. Chizindikiro chake ndi kachipewa ka pamsewu kaja, kofiirira ndi mizere yoyera. Dalaivala wina wa minibasi ya Mchinji–Lilongwe adagulira banja laputopu. Madzulo ana asanu ndi mmodzi adathithikana pampando umodzi kudikira filimu. Mwana wamkulu atangodina, kachipewa kaja kadatulukira pa sikirini. Dalaivala adadzambatuka kutulo. "Awiri tsikani msanga! Muyende wapansi, tikakumana kutsogolo!"

Ku Waliranji amayi a banki mkhonde adatopa ndi kope lonyowa ndi mafuta a mandasi. Mtsikana wa mlembi, amene ali Fomu 3, adalowetsa masheya onse a chaka mu Calc, n'kulamula kuti iwonkhetse. Isanathe n'komwe sekondi, yankho lidatuluka: m'bokosi mukusowa K48,000. Amayi onse adatembenukira kwa msungichuma. Msungichuma adakonza chitenje chake modekha, nakweza dzanja. "Amayi apampando, malamulo athu amati woyankhula pamsonkhano akhale membala. Kompyuta imeneyi sheya yagula liti?"

Agogo ena a ku Tembwe amaweta nkhuku za mazira. Mdzukulu wawo adawalembera nkhuku zonse pa kompyuta: zoikira 63, atambala 4, anapiye 20. Kenako adati awaonetse mitengo ya chakudya cha nkhuku pa intaneti, natsegula Firefox. Agogo adasendera pafupi, n'kutsinzinira diso limodzi. "Chinyama chakulunga dzikochi n'chiyani?" "Ndi nkhandwe, agogo. Ndi chizindikiro chabe, chakhalapo kuyambira 2004." Agogo adatola ndodo yawo. "Nkhuku zanga waziika m'nyumba imodzi ndi nkhandwe? Tawerenganso anapiyewo pompano ndikuona."

Ku Mkanda mlimi wa fodya ankafuna kutumiza mapepala ambiri pa imelo koma ankakana kupita chifukwa cholemera. Mphunzitsi woyandikana naye adatsegula 7-Zip, kapulogalamu kamene Igor Pavlov wa ku Russia adatulutsa mu 1999, n'kumufotokozera kuti kamadinda mafayilo ngati jeke pa belo la fodya. Mlimi akuona ndi maso ake, mulu wonse wa mapepala udasanduka kafayilo kamodzi kopepuka. Sadayankhule. Adathamangira kunyumba, nabwera ndi kalata ya ngongole ya feteleza. "Aphunzitsi, dindaninso iyi." "Koma bambo, akakatsegula uko imabwerera mmene inalili." Mlimi adatsitsa mawu. "Muikepo loko."

Izi za loko zandikumbutsa bambo wina wa pa Boma amene ankaiwala mapasiwedi mwezi uliwonse. Adamuikira KeePass, imene imasunga mapasiwedi onse m'kabokosi kamodzi, iwe n'kumangokumbukira imodzi yotsegulira. Bambo adakondwa, makamaka poganiza kuti tsopano zinsinsi zake zapeza mpanda. Patatha sabata adakhala pabalaza thukuta lili kamukamu: pasiwedi yaikulu ija yauluka. Adayesa dzina la mudzi, yakana. Dzina la timu yake, yakana. Mawu adamveka kuchokera kukhitchini, mthiko ukugunda mumphika: "Abambo, ndi dzina la mayi anu ndi chaka chimene munabadwa. Ya Facebook ina ija mukuifunanso?"

Mnyamata wina wa ku Nkhwazi anali ndi ng'ombe yowonda, nthiti zowerengeka uli kutsidya la msewu. Adaijambula, napita nacho chithunzi kwa katswiri wa GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi imene ojambula ambiri amagwiritsa ntchito m'malo mogula Photoshop. Katswiri adakoka apa, nafufumitsa apo, ng'ombe n'kutuluka ndi linunda lochititsa kaso. Chithunzi chidapita pa WhatsApp kwa wabutchala wa ku Chipata. Wabutchala adabwera, adaizungulira ng'ombe kawiri, osanena kanthu, nati ndalama atumiza akafika. Madzulo foni idalira. Chinali chithunzi cha K5,000 imodzi, ataiwonjezera maziro awiri. Pansi pake adalemba: "GIMP nafenso tili nayo, mulamu."

Kwaya ina ya kufupi ndi Ludzi idajambula nyimbo yoti ikaperekedwe ku wailesi ya Mudzi Wathu. Atamvetsera, mudamveka mphepo, mbuzi ndi njinga yamoto. Wapampando wa kwaya, amene amaimbanso besi mwamphamvu zedi, adalamula mnyamata wodziwa Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, kuti achotse phokoso lonse, lisatsale ndi limodzi lomwe. Mnyamata adagwira ntchito usiku wonse. M'mawa kwaya yonse idasonkhana, nyimbo n'kuyamba kumveka yosalala bwino, amayi mpaka kululutira. Wapampando adatchera khutu, natcheranso. "Nanga ine mawu anga ali pati?" Mnyamata adayang'ana pansi. "Munati phokoso lonse, abambo."

Pa Kapiri mkulu wina wa kabaza adaphunzitsidwa Google Calendar kuti asamaiwale masiku a msika ndi a sikelo ya mwana. Zidamukomera, mpaka adalembamonso tsiku lobweza ngongole ya katapila, n'kudina poti izimukumbutsa mwezi ndi mwezi. Pa 28 foni idalira. Mwezi wotsatira pa 28 idaliranso, iye ali pakati pa anzake pa bawo. Mwezi wachitatu anthu adamupeza pamsika akuitsatsa motchipa. "Bwanji, yawonongeka?" "Ayi, ndi yabwinobwino. Koma yayamba kugwirizana ndi adani anga."

Google Translate idalandira Chichewa mu 2014, ndipo mnyamata wina wa m'mudzi wa m'malire adaona kuti mwayi wake wafika. Adagwa m'chikondi ndi namwali wa ku Chipata, nalemba kalata yamasamba awiri, n'kupita nayo pashopu paja. "Aise, imasulire m'Chizambiya, asaone ngati ndine wakumudzi." Mnyamata wa pashopu adafufuza pamndandanda wa zinenero, Chizambiya osachipeza. Adangoitayipa kalatayo mmene idalili, nasintha kalembedwe ka zilembo kuti zipendekeke, n'kulandira K1,000 yake. Mwini kalata adaiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, maso ali tong'o. "Mayo ine! Chizambiya ndikuchimva chonse, osapitako kusukulu!"

Pasukulu ina ya kufupi ndi Kochilira adalandira makompyuta akale, mphunzitsi n'kuikamo Ubuntu m'malo mwa Windows. Pamsonkhano wa makolo adafotokoza kuti adaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, yemwe uja adakwera chombo kupita mumlengalenga mu 2002. Adati salipiritsa, ma virus a Windows oyenda m'ma flash saigwira, ndipo yatsopano imabwera kawiri pachaka, mu April ndi mu October, osaphonya. A mfumu adaimika dzanja. "Aphunzitsi, mwati amabwera kawiri pachaka?" "Eya, mfumu." "Osaphonya? Ngakhale chisankho chitadutsa?" "Eya." A mfumu adatembenukira kwa anthu awo. "Ameneyu ndiye atiimire ku Nyumba ya Malamulo."

Mlembi wa bwalo la mfumu ina ankatayipa chigamulo cha mlandu wa mbuzi mu Writer, wolakwa atakhala pambali kudikira kalata yake ya chindapusa. Atangofika pa mawu oti "alipire mbuzi ziwiri", magetsi adathima, kompyuta n'kuzima. Wolakwa adaimirira, nakweza manja kumwamba, nayamba nyimbo yoyamika. Magetsi atabwera, LibreOffice idafunsa ngati ibwezeretse chikalata chija. Mlembi adadina, chigamulo chonse n'kutulukira, mbuzi ziwiri zili pomwepo. Wolakwa adakhala pansi pang'onopang'ono. "Imeneyi ndi mfiti. Yafa ndikuona, yadzuka ikukumbukira mbuzi."

Bambo wa mtedza wa pa Kamwendo adauza mlamu wake za ulere uja, mlamu n'kuganiza zotsitsa yekha kunyumba pa foni kuti asapatse mnyamata wa pashopu ngakhale ya Fanta. Adagula bandulo, LibreOffice n'kufika theka, bandulo yatha. Adagula ina, netiweki n'kuthawira ku Zambia monga imachitira kumalire kuno. Adagula yachitatu, foni n'kuzima moto. Mkazi wake adamupeza akuwerenga makadi a mayunitsi okandakanda ali mbwee patebulo. "Abambo, ndalama ya ndiwo ija ili kuti?" Bambo adausa moyo. "Mayi, ndagulira chinthu chaulere."

Inu mukafuna zanu, tengani flash mupite kwa mnzanu amene adatsitsa kale, akukopereni. Mapulogalamu ngati LibreOffice, VLC ndi GIMP eni ake amaloleza kugawana, ndiye dzerani pamsewu waukulu masana, nsapato zili kuphazi.