Arnold wodzola mafuta

Okonda filimu ya Predator ya 1987 akhala akugula filimu yomweyo kangapo konse. Blu-ray ya 2008 anaidandaula kuti zithunzi zake zadzaza timadontho. Eni filimu anamva, ndipo mu 2010 anatulutsa Blu-ray ina, Ultimate Hunter Edition, ataichapa ndi kompyuta. Koma kuchapako anaonjeza! Arnold Schwarzenegger, munthu wosakidwa m'nkhalango mu filimuyo, wongokhalira thukuta ndi matope, anatuluka nkhope ili see ngati mkwati wodzola mafuta, makwinya onse atafufutika.

Mu 2018 kunabwera chimbale cha 4K Ultra HD, timadontho tija titabwezeredwa. Odandaula omwe aja anaomba m'manja, n'kukagulanso makina atsopano, poti akale sawerenga 4K. Inu amene mukadali ndi DVD yanu, musafulumire kuitaya.