Makumi Anayi pa Zana Lililonse, Koma a Yani?

Pa khonde la tiyirumu ina kwa Mponda, m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, mkangano unabuka chifukwa cha sikono. Mwini tiyirumu, mayi wosamwetulira chisawawa, anali atakwezanso mtengo, ndipo mlonda wa pa loji ina ya kunyanja ankadandaula akuviika sikonoyo mu tiyi.

"Inu achimwene musatisokose," anatero mayiwo. "Si inu amene boma linakukwezerani? Tinamva pa wailesi."

Mlondayo sanakane. Anachita kuwerenga pa zala, poti nkhani ya malipiro amaidziwa ngati dzina lake. Mu 2021 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali K50,000 pa mwezi. Mu February 2024 anafika pa K90,000, ndipo mu June 2025 boma linati K126,000. "Pa pepala ndine bwana," iye anatero. "Koma pitani mukafunse abwana anga ngati pepalalo analiona. Akuti alendo achepa, tidikire nyengo ya Khirisimasi."

Mphunzitsi wa pulayimale amene anakhala pa benchi la kumapeto anatsitsa kapu. Iye sadikira Khirisimasi, zake zimalowa ku banki. Ogwira ntchito m'boma anawawonjezera pafupifupi 20 peresenti kuyambira April 2025, ndipo anthu a pa khondepo anamuyang'ana ngati munthu amene watola chikwama. Anaseka mowawidwa mtima.

"Mukuiwala November 2023. Kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pamwamba pa 25 peresenti ya May 2022. Chaka chatha chonse cha sukulu ndinkangolipira ngongole ya katapila. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga la makilogalamu 50 linafika pa K100,000 m'misika ina kuno kummwera. Ndiye 20 peresentiyo mwati ndigule chiyani?"

Kenaka anabwereka cholembera kwa mwini tiyirumu n'kuyamba kulemba kuseri kwa katoni ya shuga, monga aphunzitsi achitira. Apa m'pamene ine ndinasendera pafupi, chifukwa masamu akewo ndi amene anthu olengeza pa wailesi satchula. Wantchito wa m'nyumba, iye anati, malipiro ake otsikitsitsa anachoka pa K52,000 kufika pa K72,800. Mlonda, kuchoka pa K90,000 kufika pa K126,000. Onse awiri akwezeredwa 40 peresenti, chilungamo chokhachokha. Koma kale ankasiyana ndi K38,000, lero akusiyana ndi K53,200. Pa msika wa Mangochi onsewa amagula botolo limodzimodzi la mafuta ophikira, pa mtengo umodzi.

"Ndiye kuti mtsikana wanga uja ndizimupatsa K72,800?" anafunsa mwini tiyirumu, maso ali pa mtsikana amene ankatsuka makapu kuseri. "Aphunzitsi, inu wanu mumamupatsa zingati?"

Mphunzitsiyo anabweza cholembera osayankha, khonde lonse n'kufa nacho chikhakhali. Funsolo linali lolasa. Lamulo la malipiro boma limakambirana ndi a MCTU, oimira antchito, ndi a ECAM, oimira olemba ntchito, ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Koma wolemba ntchito weniweni wa kuno nthawi zambiri ndi mphunzitsi, namwino kapena mayi wa tiyirumu, amene naye zake sizikukwana.

Nthawi yonseyi mnyamata wina wa maso ofiira chifukwa cha tulo anali chete, akudya mpunga wa nyemba. Ndi mmodzi wa alovi a chilimila, asodzi a usipa, ndipo anali atangotsika kumene kuchokera pa nyanja. Mlonda anamukodola: "Nanga inu amwene, anakukwezerani zingati?"

"Ife amatikwezera ndi mdima," anayankha mnyamatayo. Usipa umabwera ku nyali mwezi ukakhala kuti palibe, ndipo ukawala kapena mwera ukawomba, palibe cholowa. Akagulitsa nsomba, mwini zida amayamba wachotsa ndalama ya petulo wa injini ndi zina zonse zimene analowetsa, zotsalazo n'kuzigawa pakati, theka lake, theka la alovi onse. Siginala, amene amayatsa nyali n'kukopa usipa, amatengako chokulirapo. Petulo akakwera, amakwera pa msana pa alovi, chifukwa amachotsedwa kugawana kusanachitike. Mtengo wa usipa pa gombe wakwera ndithu, iye anavomera, koma pa thandala pamakhala nsomba zochepa kusiyana ndi masiku a bambo ake.

Anthu ngati mnyamatayu, pamodzi ndi a kabaza, amayi oyanika usipa ndi aganyu a m'minda, ndiwo ochuluka kwa Mponda, ndipo palibe gazeti ya boma imene imawakhudza. Tikamamva kuti malipiro akwera m'dziko muno, nkhaniyo imakhala ya kagulu kochepa kamene kali ndi pepala losayina kumapeto kwa mwezi.

Mkulu wina wa ndevu zoyera ndi kapu ya Chisilamu, amene ankadikira nthawi ya swala, analowererapo mofatsa. Ana ake awiri ali ku Joni. Kumeneko, iye anati, malipiro otsikitsitsa amawerengera pa ola, mu March 2025 anafika pa R28.79, ndipo amawaunika chaka ndi chaka. Ana akewo alibe mapepala, choncho salandira zonsezo. Komabe kwacha ikagwa, randi imodzimodziyo imabala makwacha ambiri, ndipo nyumba yake ya malata anaimaliza chaka chomwe aphunzitsi ankalira ndi katapila.

"Ndiye ambuje, inu kwacha ikagwa mumavina?" anafunsa mlonda.

"Sindivina ayi, simenti nayo inakwera. Koma mdzukulu wanga walemba Fomu 4 chaka chino, ndipo sakufunsa za ntchito ya ku loji kapena ya uphunzitsi. Akufunsa mtengo wa pasipoti."

Mwini tiyirumu anatolera makapu, nauza mlonda kuti ngongole yake ya masikono yafika pa K9,000, ndipo sadikira alendo a Khirisimasi.