Mfuti ndi yabwino, vuto ndi dzanja

Pa anthu onse oyenera kulangiza za kugula mfuti, ine ndili kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumbuyo kwa agogo aja amene amatseka makutu mphezi ikangong'anima. Chida chokhacho chimene manja angawa amachidziwa ndi legeni, ndipo ngakhale njiwa sizindiwerengera. Koma ku America, dziko limene mfuti zachuluka kuposa anthu ake, kuli funso limene limasowetsa tulo abambo a ndevu zawo: ndigule pisitolo iti, yaikulu bwino, ya mtengo wapakatikati, ija imadzilowetsera yokha chipolopolo china ukangowomba? Popeza umbuli sunaletsepo munthu wa mtundu wanga kupereka malangizo, monga timachitira ndi makochi a mpira Loweruka lililonse, ganizo langa nali. Pa madola apakati pa 500 ndi 700, mfuti zonse za mayina odziwika n'zabwino kuposa munthu wozigulayo, ndipo miyezi imene amathera posankha imathera pa mbali yolakwika ya chigwiriro.

Taonani mfuti zimene amakanganiranazo. Glock 17 inapangidwa ndi Gaston Glock wa ku Austria, munthu amene ankapanga ndodo zopachikira makatani ndi mipeni, ndipo asilikali a dziko lake anaivomereza mu 1982. Nkhani imeneyi imandilimbitsa mtima kwambiri, chifukwa ikusonyeza kuti munthu angathe kuchoka pa makatani n'kufika patali, pomwe ine ngakhale kupachika katani kumandikanika. Beretta ndi kampani ya ku Italy imene mbiri yake inayamba mu 1526, ndipo mfuti yake ya 92 inasankhidwa ndi asilikali a America mu 1985, kulowa m'malo mwa M1911 ya John Browning imene inali itagwira ntchito zaka zoposa 70. Mu 2017 asilikali omwewo anasinthanso n'kutenga SIG Sauer P320. CZ 75 inachokera ku Czechoslovakia mu 1975, ndipo Smith & Wesson anatulutsa M&P mu 2005 pofuna kukopanso apolisi amene anali atathawira kwa Glock. Zonsezi, kupatula M1911 ija, zimapezeka zodya chakudya chimodzi, chipolopolo cha mamilimita 9 chimene Georg Luger anakonza zaka zoposa 120 zapitazo, ndipo zimanyamula zipolopolo 15 mpaka 17. Zapirira fumbi, matope ndi manja a asilikali ndi apolisi osawerengeka. Ndiye munthu wamba, amene nkhondo yake yaikulu ndi kutsegula chivindikiro cha botolo la jamu, amakhala pansi n'kumadandaula kuti kaya mfutiyo idzamukwanira.

Wina anena kuti, achimwene, mukuphweketsa zinthu, mfuti zimenezi zimasiyana ndithu. N'zoona, ndipo apa ndivomera mosanyinyirika. Glock 17 thupi lake ndi la pulasitiki yolimba ndipo imalemera pafupifupi magalamu 700 ilibe zipolopolo, pomwe CZ 75 ndi chitsulo chokhachokha ndipo imayandikira kilogalamu yathunthu. Yolemera imakankha dzanja pang'ono powomba koma imatopetsa m'chiuno, yopepuka imanyamulika koma imadumpha ngati mwana wa mbuzi. Chigwiriro cha Beretta n'chonenepa, moti wa zala zazifupi ngati zanga amachita kufikira kachitsulo kowombera ndi nsonga ya chala ngati akuba ndiwo m'mphika. Koma taonani kuti kusiyana konseku kukukamba za dzanja la munthu. Dzina la kampani silikulowapo. Ndipo yankho lake ndi lija timalidziwa tonse pa kaunjika wa nsapato: vala, yenda pang'ono, umve pamene ikuluma. Malo ambiri ophunzirirako kuwombera ku America amabwereketsa mfuti pa kandalama kochepa, moti masana amodzi angathetse mkangano wa miyezi isanu. Chovuta n'chakuti kumeneko kuli pepala lolasapo, ndipo pepala silidziwa kunyengerera. Kuwerenga ndi kuyerekeza n'kokoma chifukwa pamenepo palibe amene amaphonya.

Otsutsa ena amathawira ku kukula kwa chipolopolo, amvekere chaching'ono n'cha ana, mwamuna weniweni amafuna cha .45. Anthu amenewa ndiwakumbutse za FBI, bungwe limene lili ndi ndalama ndi akatswiri kuposa ife tonse. Mu 1986 ku Miami apolisi ake awiri anaphedwa powomberana ndi achifwamba awiri, ndipo mlandu waukulu unagwera chipolopolo cha mamilimita 9, akuti chinali chofooka. Anasamukira ku cha mamilimita 10, champhamvu zedi, koma ambiri mwa iwo chinawavuta kuchigwira. Anachichepetsa mphamvu, ndipo m'menemo munabadwa .40 S&W mu 1990. Patapita zaka pafupifupi 30 chichitikire cha ku Miami, anabwerera ku mamilimita 9 aja, chifukwa zipolopolo zake zinali zitakonzedwa bwino, komanso chifukwa anthu awo ankalasa bwino ndi mfuti yosakankha kwambiri. Ulendo wonsewo unali wozungulira mudzi kufunafuna chipewa chili pamutu. Ngati akatswiri zinawatengera zaka zonsezo kuti avomereze kuti chipolopolo chophonya chilibe ntchito ngakhale chikule ngati dzungu, ife a legeni tisachite manyazi.

Nanga n'chifukwa chiyani mtengo wapakatikati umatikoka chonchi? Apa ndiye ndine katswiri, chifukwa matendawa ndi anga pa foni, pa nsapato, ngakhale pa ambulera. Chotchipa chimatichititsa manyazi kwa anzathu, chodula chimatiyambitsira mlandu kwa amayi a kunyumba, ndiye pakati ndi pobisalapo pabwino: kunja umaoneka wodziwa zinthu, kunyumba umaoneka wosamala ndalama. Koma masamu ake ndi achinyengo. Mfuti umagula kamodzi, pomwe zipolopolo zophunzirira umagula moyo wonse, ndipo amene amaphunzira mwakhama sachedwa kuwononga pa zipolopolo ndalama zoposa mtengo wa mfutiyo. Onjezanipo mphunzitsi, zoteteza makutu ndi bokosi lachitsulo lokhoma. Wogula wa mtundu wanga amathira ndalama zonse pa chinthu chonyezimira, zotsalazo n'kunena kuti tidzaona mwezi wa mawa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali mawu amodzi olemera amene sindingawaseke: munthu akati akugula kuti ateteze banja lake, ndipo pa moyo wa ana sangachite kuwerengera makobiri. Ndikumva, ndipo ndivule kaye chipewa cha nthabwala. Ku America, imfa zoposa theka za anthu ofa ndi mfuti ndi za anthu odzipha okha, ndipo chaka chilichonse kumamveka za ana amene apeza mfuti yodzaza m'kabati kapena pansi pa pilo. Choncho amene akunena za banja ayambe wasankha bokosi lokhoma asanasankhe pakati pa Austria ndi Italy. Bokosilo silikoma kulionetsa kwa anzako, palibe amene amaimba nalo mluzu, koma ndi limene limagwira ntchito masiku onse amene wakuba sanabwere, omwe ndi pafupifupi masiku onse a moyo wa munthu.

Wa ku California ndiye ngakhale mkangano wa zipolopolo 15 kapena 17 sumukhudza, chifukwa kumeneko sitolo singamugulitse chosungira zipolopolo choposa 10. Ku America konse, wogula kwa wamalonda wovomerezeka amadzaza fomu yotchedwa 4473. Fomuyi imafunsa ngati ukuthawa mlandu, ngati umasuta chamba, ngati unathamangitsidwa ku usilikali mochititsa manyazi. Mafunso onsewo ine ndikhoza kuwayankha bwinobwino, mutu uli m'mwamba. Mwayi wanga ndi wakuti palibe mzere wofunsa ngati umatsinzina maso onse awiri chinthu chikaphulika.